Maluwa ofesera njuchi ndi zinziri: za m'thumba la mbewu zakutchire ku Iowa

Ku Iowa, m'katikati mwa dziko la America, kuli alimi amene amalandira ndalama kuboma chifukwa chosiya kulima chimanga pa mbali ina ya munda n'kufesapo maluwa akutchire. Maluwawo sagulitsa, sadya, ndipo ng'ombe sizilowamo mwachisawawa. Amafesera njuchi, agulugufe ndi mbalame zoikira mazira pansi. Mbewu yake imabwera yosakaniza kale m'thumba, mitundu 20, 30, mwinanso kuposa pamenepo, ndipo yokwanira ekala imodzi imatha kudya madola mazana angapo. Chomwe chakhala chikuzunguza mitu alangizi ndi akatswiri a kumeneko ndi chakuti m'thumbamo mulowe chiyani, ndiponso chilichonse chichuluke motani. Ambiri poyamba ankaganiza kuti maluwa akachuluka ndiye kuti zatheka. Minda yomwe inafesedwa ndi maganizo amenewa yaonetsa kuti nkhani ili pansi pa maluwawo, komanso pa zomwe mlimi achite m'zaka zitatu zoyambirira.

Anthu ochokera ku Ulaya asanadzaze derali, malo pafupifupi 80 peresenti a Iowa anali tchire la udzu wautali lotchedwa prairie. Silinali la udzu wokhawokha. Pamalo amodzi pankamera mitundu yambirimbiri ya zomera zamaluwa, zina za mizu yolowa pansi mamita atatu kapena anayi. Moto, wina woyamba ndi mphezi, wina woyatsa dala eni nthaka oyambirira, ndiwo unkaletsa mitengo kulowerera, ndipo njati za kumeneko zinkadya udzuwo n'kusiya malo ena poyera. Mizu yolukanalukanayo inkagonjetsa mapulawo akale, mpaka pamene amisiri ngati John Deere, yemwe anasula pulawo yake yachitsulo chosalala ku Illinois mu 1837, anapeza chida chong'amba nthakayo osakanirira. Zaka 100 zisanathe, pafupifupi tchire lonselo linali litasanduka minda. Lero pa maekala 1,000 alionse a prairie yakale ya ku Iowa, yotsala siikwana ekala imodzi. Imapezeka m'manda akale, m'mbali mwa njanji ndi pa zitunda zamiyala pomwe pulawo inagonja.

Kwa kanthawi njuchi ndi mbalame zinkapezabe pothawira m'malire a minda, m'mipanda ndi m'malo a msipu. Kenako minda inakula, malire anagumulidwa, ndipo kuyambira 1996 kunabwera soya, pambuyo pake chimanga, zosafa ndi mankhwala opha udzu a glyphosate. Mlimi akapopera, m'munda mumatsala mbewu yake yokha basi. Chimodzi mwa zomera zomwe zinapita motero ndi milkweed, chomera cha utomoni woyera chomwe mbozi za gulugufe wa monarch zimadya. Sizidya china chilichonse. Gulugufe ameneyu ndi uja amauluka ulendo wautali kukathera nyengo yozizira m'nkhalango za m'mapiri a Michoacán ku Mexico. Mu 2017 boma la America linaika njuchi yaikulu yaubweya yotchedwa rusty patched bumble bee pa mndandanda wa zamoyo zotsala pang'ono kutha. Mu 2019 kafukufuku wofalitsidwa m'magazini ya Science anapeza kuti kuyambira 1970, America ndi Canada zataya mbalame pafupifupi 3 biliyoni, ndipo zomwe zapululuka kwambiri ndi za m'udzu, zomwe zachepa ndi theka n'kupitirirako. Zinziri ya bobwhite, yomwe kulira kwake kunali kodziwika pafamu iliyonse, yachepa ndi pafupifupi 85 peresenti kuchokera m'ma 1960.

Ndalama zofesera maluwa zimadzera m'ndondomeko ya boma yotchedwa Conservation Reserve Program, mwachidule CRP, yomwe inakhazikitsidwa ndi lamulo la zaulimi la 1985. Mlimi amasayina pangano la zaka 10 mpaka 15, amasiya kulima malo okokoloka msanga, boma n'kumamulipira lendi chaka ndi chaka komanso kumuthandiza mbali ya mtengo wa mbewu. Poyamba cholinga chinali kuteteza nthaka ndi kuchepetsa zokolola zomwe zinali zitasefukira pamsika, ndiye alimi ankangofesa udzu wa mtundu umodzi, nthawi zambiri smooth brome wochokera ku Ulaya. Nthaka inatetezekadi. Koma m'kupita kwa zaka udzuwo unkalukana n'kutseka pansi ponse, moti anapiye a mbalame ankasowa podutsa ndipo njuchi zinalibe chokatengamo. Apa m'pamene anayamba kulemba malamulo a mbewu zosakaniza. Mu 2004 kunabwera ndondomeko ya CP33, yosiya mzere wa tchire m'mphepete mwa munda kaamba ka zinziri. Pambuyo pa lamulo la zaulimi la 2008 kunabweranso CP42, ya tizilombo tonyamula mungu.

Amene anakankha kwambiri nkhaniyi si okonda maluwa okha ayi, komanso alenje. Iwo amasiyanitsa mbalame za m'madzi, monga abakha ndi atsekwe, ndi za kumtunda, zomwe amasaka ndi agalu m'udzu. Bungwe lawo la Pheasants Forever linayamba ku Minnesota mu 1982, ndipo mu 2005 linabala linzake la Quail Forever. Chodabwitsa n'chakuti mbalame ya pheasant, yomwe amaifesera maluwa achilengedwe a ku America, si ya ku America: kwawo ndi ku Asia, ndipo inakhazikika itabwera kuchokera ku China kupita ku Oregon kumayambiriro kwa ma 1880. Mlendo ameneyu ndiye wakokera ndalama zambiri ku ntchito yobwezeretsa zomera za eni dera.

Chomwe mlenje amafunira maluwa chimamveka tikayang'ana mwanapiye wa zinziri tsiku lomwe waswedwa. Make amafungatira mazira masiku pafupifupi 23 m'chisa chobisika patsinde pa udzu wouma wa chaka chatha. Kamwanapiye kamatuluka kolemera magalamu 6 kapena 7, ndipo tsiku lomwelo kamanyamuka kutsatira make. Make sakadyetsa pakamwa, kamayenera kudzitolera. M'masabata awiri oyambirira chakudya chake pafupifupi chonse ndi tizilombo tofewa: tiana ta ziwala, mbozi, akangaude, nyerere, tizikumbu tating'ono. Popanda zimenezi nthenga sizimera msanga. Tizilombo totereti timachuluka pa zomera za masamba otambalala, makamaka za m'gulu la nyemba, kuposa pa udzu. Maluwa omwe amaitana njuchi ndi omwewo amaweta ndiwo ya anapiye.

Komatu chakudya chikhalepo, kamwanapiye kamayenera kukafika pomwe chili. Miyendo yake ndi yaifupi zedi. Udzu woyanga ngati kapinga, monga brome uja kapena fescue, umakatsekera njira. Kakalowamo m'mawa kuli mame kamanyowa, kuzizidwa, n'kufa. Malo abwino ndi omwe pamwamba pali denga la masamba lobisa anapiye kwa akabawi, koma pansi pali dothi loyera loti n'kuthamangapo. N'chifukwa chake osakaniza mbewu amasankha udzu womera m'timagulu, monga little bluestem ndi sideoats grama, womwe umasiya tinjira pakati pake. Dothi loyeralo njuchi nazonso zimalifuna. Tikamva za njuchi timaganiza za zija za uchi zokhala mumng'oma, zomwenso ku America zinachita kubwera ndi azungu m'ma 1600. Koma dzikolo lili ndi mitundu pafupifupi 4,000 ya njuchi zakezake, zambiri zokhala payekhapayekha, ndipo pafupifupi 70 peresenti zimakumba timauna m'dothi. Zina zimaswera m'mapesi obooka a maluwa ouma. Munda wotsekeka ndi zinyalala za udzu wakufa, ngakhale pamwamba pataoneka maluwa, umakhala utathamangitsa zonse ziwiri, njuchi ndi zinziri.

Chachiwiri ndi nthawi. Malamulo a CP42 amafuna mitundu ya maluwa yosachepera 9, itatu yochita maluwa koyambirira kwa nyengo yofunda, itatu pakati, itatu kumapeto. Chifukwa chake n'chomveka: mfumukazi ya njuchi zaubweya imadzuka mu Epulo ili yokhayokha ndi njala, ndipo ikapanda kupeza mungu nthawi imeneyo banja lonse la chakacho silikhalapo. Pakati pa chaka maluwa sasowa. Wild bergamot, purple prairie clover, ma coneflower ndi milkweed zimangoti mbuu mu Julaye. Kumapeto, mu Seputembala, goldenrod ndi aster ndizo zimapatsa agulugufe a monarch kamba wa ulendo wa ku Mexico, pomwe mpendadzuwa wakutchire umasiyira mbalame njere za m'nyengo yozizira. Povuta ndi poyambirira. Zomera zoyamba kuchita maluwa zimakhala zazifupi, njere zake zimapsa pang'onopang'ono n'kuyoyoka msanga, ndiye n'zovuta kukolola ndipo n'zodula. Matumba otchipa amangoikamo pang'ono golden alexanders kapena spiderwort kuti akwanitse lamulo, ndipo mu Meyi mundawo umakhala wobiriwira wopanda duwa.

Pa nkhani ya kuchuluka kwa mbewu m'pamene ogula ambiri amapusitsika. Mbewu zimenezi saziyeza ndi sikelo yokha, poti njere zake n'zosiyana kutalitali. Mu magalamu 28 a partridge pea, kanyemba kakutchire komwe zinziri zimakonda, muli njere pafupifupi 2,700. Mu magalamu omwewo a black-eyed Susan muli zoposa 90,000, ndipo a Culver's root muli mazana angapo a masauzande, zonga fumbi. Thumba likalembedwa kuti theka la kulemera kwake ndi maluwa, silinanene kanthu. Alangizi amawerenga njere zogwera pa kamalo ka phazi limodzi (masentimita pafupifupi 30) m'litali ndi m'lifupi, ndipo kawirikawiri amafuna pafupifupi 40. Amawerenganso njere zamoyo zokhazokha, chifukwa mbewu zakutchire zimabwera ndi mankhusu ndi timapesi tambiri. Ngati m'thumba 80 peresenti ndi njere zenizeni, ndipo mwa izo 70 peresenti ndizo zamoyo, ndiye kuti chogula chenicheni ndi 56 peresenti ya thumbalo. Chiwerengero chimenechi chimalembedwa pa kapepala ka pathumba ndi zilembo zoti PLS, ndipo wogula wochenjera amalipira potengera chimenecho.

Tsono udzu ukhale wochuluka bwanji poyerekeza ndi maluwa? Apa m'pamene pali mkangano weniweni. Udzu wautali wa prairie, big bluestem, Indiangrass ndi switchgrass, ndi wotchipa ndipo umamera mosanyengerera, koma ukachuluka umapondereza maluwa m'zaka zochepa. Pothawa zimenezi, CP42 inalamula kuti udzu usapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a njere zonse. Akatswiri a ku Tallgrass Prairie Center, pa yunivesite ya Northern Iowa, anafesa mbali ndi mbali mitundu itatu ya mbewu zosakaniza: ya udzu wambiri maluwa ochepa, ya maluwa ambiri udzu wochepa, ndi yapakatikati, njere za udzu ndi za maluwa zofanana kuchuluka koma za mitundu yambiri. Yotchipa ija inatseka nthaka bwino, maluwa n'kukhala osowa. Ya maluwa ambiri inakongola, koma inasiya mipata yomwe zomera zosafunika zinalowamo. Yapakatikati inachita bwino mbali zonse ziwiri. Kwa ine phunziro lake ndi lakuti udzu si mdani wa maluwa. Funso ndi lakuti ndi udzu uti. Timagulu ta udzu waufupi timagwira malo omwe akanalandidwa ndi chomera chaminga cha Canada thistle kapena brome wobwerera, ndipo ndi momwemo zinziri imamanga chisa chaka chotsatira.

Tisaiwale kuti zomwe mlimi amazitcha zosafunika, mbalame siizitcha choncho. Ragweed, yomwe alimi amadana nayo ndipo mungu wake umayetsemulitsa anthu, ndi chimodzi mwa zakudya zabwino kwambiri za zinziri m'nyengo yozizira, ndipo pansi pake pamakhala poyera. Mlenje akaona ragweed amamwetulira, mwini munda woyandikana nawo akukwinya nkhope.

Pali chomera china chomwe palibe anachimwetulira. Mu 2016, alimi ambiri atalembetsa CP42 nthawi imodzi, mbewu inachepa pamsika, ndipo ina inagulidwa kutali, kum'mwera. M'matumba ena munalowa njere za Palmer amaranth, m'bale wake wa bonongwe yemwe ife timathyola ndiwo. Kumeneko ndi chilombo cha m'munda: chimakula masentimita angapo patsiku, chomera chimodzi chimabala njere mazanamazana a masauzande, ndipo m'madera ambiri sichifanso ndi glyphosate. Chaka chimenecho chinapezeka m'minda ya maluwa m'maboma ambiri a Iowa ndiponso ku Minnesota, komwe kunali kusanaoneke. Ntchito yothandiza njuchi inatsala pang'ono kudanitsa alimi a chimanga ndi maluwa akutchire. Kuchokera apo kuyeza mbewu kunakhwimitsidwa, mpaka kumayeza ndi DNA, poti njere za mitundu ya bonongwe sizisiyanitsika ndi maso.

Nkhaniyi inalimbikitsa zomwe ena ankanena kale, zoti mbewu izichokera pafupi. Chomera cha mtundu umodzimodzi chochokera ku Texas ndi cha ku Minnesota sizichita maluwa nthawi imodzi, ndipo cha kum'mwera chimatha kufa ndi chisanu cha kumpoto. Kuyambira 1990, ku Iowa anayamba kutola njere m'tizigawo ta prairie totsala tija, kuzichulukitsa, n'kuzipereka kwa alimi a mbewu, atagawa deralo patatu: kumpoto, pakati ndi kum'mwera. Mbewu yodziwika kochokera imakhala ndi kapepala kachikasu. Timapaketi ta m'sitolo tolembedwa kuti maluwa akutchire, ta zithunzi zokongola, kawirikawiri timakhala ndi maluwa a ku Ulaya ndi kwina omera chaka chimodzi. Si timene tikunena pano.

Kafesedwe kake kamasemphana ndi nzeru za mlimi wa chimanga. Choyamba amapha udzu wakale wonse, ndipo malo abwino koposa ndi omwe angokololedwa soya, poti amakhala oyera kale. Salima mozama, kuopa kudzutsa njere za zomera zosafunika zogona m'dothi. Njere sazikwirira kupitirira theka la sentimita, ndipo zing'onozing'ono zimangofunika kukhudza dothi. Zambiri mwa njere za maluwa sizimera zisanagone m'dothi lozizira ndi lonyowa kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Ndi njira yake yodzitetezera kuti zisamere chisanu chili pafupi. Choncho ambiri amafesa mu Novembala, nthaka itazizira, kapena kumwaza mbewu pamwamba pa chipale chofewa mu Febuluwale. Nthaka ikamaundana usiku n'kusungunuka masana imang'ambika timing'alu, njere n'kumalowamo zokha. Kufesa m'nyengo yozizira kumakomera maluwa, pomwe kufesa mu Meyi kapena Juni kumakomera udzu wautali. Ngakhale makina ofesera ndi apadera: njere za bluestem n'zaubweya, zimagwirana n'kutseka makina wamba, ndiye bokosi lake limakhala ndi zotakasa mkati.

Chaka choyamba mundawo umanyansa, palibe kubisa. Zomera za prairie zimayamba ndi mizu, pamwamba n'kungoonetsa timasamba tiwiri titatu, pomwe zomera za chaka chimodzi zimakula msanga n'kuziphimba. Mankhwala ake ndi kutchetcha: tchire likafika m'mawondo amalidula kusiya masentimita 15 mpaka 20, kangapo m'chakacho, kuti dzuwa lifike pansi. Kafukufuku wa ku Northern Iowa uja anaonetsanso kuti kutchetcha chaka choyamba kumafulumizitsa kukhazikika kwa zofesedwazo. Alimi ambiri amataya mtima pamenepa, poona anzawo akuloza munda wawo kuti wagonekedwa. Chaka chachiwiri black-eyed Susan ndi partridge pea, zomwe amaziikamo dala kuti zionekere msanga, zimayalula chikasu. Zokhalitsa zimayamba kulamulira chaka chachitatu, ndipo zina, monga compass plant, zimatha zaka zingapo zisanatulutse duwa loyamba.

Munda ukakhazikika ntchito siinathe, chifukwa ukausiya umabwerera ku vuto lija la poyamba: udzu wakufa umaunjikana, pansi pamatsekeka, timitengo timayamba kumera. Izi anaziona kale ku Curtis Prairie, pa yunivesite ya Wisconsin ku Madison, komwe anayamba kubwezeretsa prairie m'ma 1930, n'kudzazindikira kuti popanda moto siiyenda. N'chifukwa chake mapangano ambiri a CRP amafuna kuti pakati pa zaka zake mlimi asokoneze mundawo, potentha, kugalauza pang'ono pamwamba, kapena kulowetsa ziweto kwa kanthawi. Moto wake ndi wokonzekera, wokhala ndi malire olambulidwa ndi anthu oyang'anira mphepo. Nthawi yotentha imasintha zotsatira: moto wochedwa, wa kumapeto kwa Epulo kapena Meyi, umalimbikitsa udzu wautali, pomwe wa kumapeto kwa chaka umapatsa mpata maluwa. Satentha munda wonse nthawi imodzi. Amagawa patatu n'kumatentha gawo limodzi pachaka, kuti pa lupsa pakhale podyera anapiye, pa udzu wakale pakhale zisa, ndipo mazira ndi mphutsi za njuchi zogona m'mapesi zisapsere limodzi. Ku Iowa, kuyambira pa 15 Meyi mpaka pa 1 Ogasiti munda wokhazikika wa CRP saugwira, poti ndi nyengo ya zisa.

Zonsezi zimadalira mtengo wa chimanga. Mu 2007 malo a CRP m'dziko lonse anaposa maekala 36 miliyoni. Chimanga chitakwera mtengo, mwa zina chifukwa cha mafuta a ethanol omwe amapangidwa kuchokera ku chimangacho, alimi ambiri mapangano awo atatha anabwezamo pulawo, boma nalo linatsitsa malire a maekala ololedwa, ndipo pofika 2020 anali atatsika kufika pafupifupi 22 miliyoni. Poona kuti nthaka yachonde ya Iowa siingachoke m'manja mwa chimanga ndi soya, akatswiri a yunivesite ya Iowa State anayesa njira ina kuyambira 2007 ku Neal Smith National Wildlife Refuge: kufesa mizere ya prairie yopingasa chitsetse m'kati mwa munda womwe ukulimidwa. Atapereka gawo limodzi mwa magawo 10 a munda ku mizereyo, dothi lokokoloka linachepa ndi pafupifupi 95 peresenti, tizilombo tonyamula mungu tinachuluka kuposa katatu, ndipo mitundu ya mbalame inawirikiza kawiri. Lamulo la zaulimi la 2018 linailowetsa njirayi mu CRP, ndipo dzina lake ndi CP43.

Mizereyi ili ndi zovuta zake. Ili pakati pa mbewu zopoperedwa, ndiye mankhwala ouluka ndi mphepo komanso fumbi la mankhwala okutira njere za chimanga zimatha kugwera pa maluwa omwe njuchi zikudya. Ndipo mzere ukakhala wopyapyala, nkhandwe ndi nyama zina zotchedwa raccoon ndi skunk zimangoutsata kuchokera kumapeto mpaka kumapeto, n'kumatola mazira chisa ndi chisa. Lamulo limafuna kuti mzere usachepere mamita 9 m'lifupi, koma alangizi a mbalame amauza mlimi kuti ngati munda ulola, aukulitse kufika chakumamita 36 omwe ndi malire ake, ndipo aulumikize ndi tchire lina lalikulu lapafupi.